Radar ikaphethira, bwato limakhala lili pati?

Dzuwa likangolowa kuseri kwa mapiri a kumadzulo, madoko a Sani, Chia ndi Ngala m'boma la Nkhotakota amayamba kupungula anthu. Maboti a chilimira amalowa pamadzi limodzi ndi mabwato a siginala, ndipo pofika pakati pa usiku nyanja imaoneka ngati tauni yoyaka magetsi. Kukacha ambiri amabwerera ndi usipa. Koma m'miyezi ya mwera, makamaka kuyambira May mpaka August, pamakhala m'mawa wina womwe boti limodzi silitulukira. Zikatero, funso lomwe abale amafunsana pagombe ndi lomwelo limene akatswiri a makina a radar akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri: chinthu choyenda chikachoka m'maso, chimakhala chili pati tsopano?

Nthawi iliyonse ngozi ikagwa panyanja, kapena asodzi ang'onoang'ono akadandaula za maboti akuluakulu olowerera m'madzi osaya, maganizo a anthu amathamangira kumwamba. Ambiri amaona ngati dziko likadakhala ndi ndege yonyamula radar, kapena tindege topanda munthu totchedwa drone, palibe chomwe chikadabisika panyanja. Maganizowa ali ndi mfundo, koma akusiya mbali yaikulu ya nkhaniyi. Radar ya mumlengalenga siona nthawi zonse. Imaona, n'kuphethira, n'kuonanso. Luso lenileni lagona pa zomwe anthu ndi makompyuta amachita m'nthawi yomwe diso lili chitsinzinire, ndipo luso limenelo limadalira zinthu zomwe zimasonkhanitsidwa pansi, osati kumwamba.

Mawu omwe dziko lidamva pa 10 June 2024

Amalawi ambiri adayamba kulingalira mozama za radar pa 10 June 2024. Tsikulo ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kulunjika ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Idalephera kutera kaamba ka nyengo yoipa, ndipo dziko lidauzidwa kuti yasowa pa radar. Idapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, onse omwe adali m'menemo atamwalira.

Zomwe zidadziwika pambuyo pake n'zofunika pankhani ino. Ofufuza a bungwe la BFU la ku Germany adapeza kuti ndegeyo idalibe makina osunga mawu a oyendetsa kapena mbiri ya kaulukidwe kake. Adapezanso kuti kachipangizo koitanira chithandizo pangozi kadali ndi batire lomwe nthawi yake idatha mu 2004. Osaka adatsamira pa zizindikiro za mafoni a m'manja zomwe zidagwidwa ndi nsanja ya m'deralo, ndipo njira yomwe ndegeyo idadzera idalumikizidwa pambuyo pake kuchokera mu kachipangizo ka GPS komwe kadapezeka pamalo a ngoziyo.

Radar yomwe imayang'anira ndege imakhala pansi, ndipo mapiri komanso kupindika kwa dziko zimaibisira ndege youluka m'munsi. Nzeru yokweza radar pandege idabwera pofuna kuthana ndi vuto lomweli, chifukwa woima pachulu amaona patali kuposa wokhala m'dambo. Komabe phunziro la ku Chikangawa silakuti diso lidali pamalo olakwika basi. Diso litaphethira, padasowa chachiwiri cholankhula m'malo mwake.

Chifukwa chake diso limaphethira

Radar imatumiza mafunde a wailesi. Mafundewo akagunda chinthu amabwerera, monga momwe mawu amabwererera munthu akafuula moyang'anizana ndi phiri. Nthawi yomwe atenga kupita ndi kubwera ndiyo imauza makinawo kutalika kwa mtunda. Ubwino wake ndi wakuti mdima, mitambo ndi nkhungu siziitchinga monga zimatchingira maso ndi kamera.

Vuto limayamba radar ikayang'ana pansi kuchokera mumlengalenga. Chilichonse chimabweza mafunde: nthaka, mitengo, miyala, madenga a malata ngakhale mafunde a panyanja. Boti kapena galimoto zimamira m'chiphokoso chimenechi. Pofuna kuzisiyanitsa, akatswiri amagwiritsa ntchito mfundo yomwe Christian Doppler wa ku Austria adafotokoza mu 1842. Aliyense amene adaimapo m'mbali mwa msewu wa M5 amaidziwa ngakhale sadaimvepo dzina: hutala ya galimoto imamveka mokwera ikamabwera, n'kutsika ikangodutsa. Mafunde a radar nawo amasintha chimodzimodzi akagunda chinthu chomwe chikuyandikira kapena kutalikira. Choncho makinawo amataya zonse zomwe zikuoneka zongokhala, n'kusunga zokhazo zosonyeza kuyenda.

Apa ndiye pamabadwira mipata. Chinthu chikaima, radar imachitaya pamodzi ndi nthaka. Chikamayenda pang'onopang'ono kwambiri, sichisiyana ndi nthambi zogwedezeka ndi mphepo. Chikamayenda chopingasa, osayandikira ndegeyo komanso osaitalikira, chimasowa ngakhale chikuthamanga. Pamwamba pa izi pali mipata ina: phiri limabisa chigwa, ndege imakhota, diso la radar limasesa mbali ina lisanabwerere, ndipo mafuta akachepa ndegeyo imakatera.

Ngakhale maiko olemera sadathetse vutoli. Asilikali a ku America adagwiritsa ntchito ndege ya E-8 JSTARS pankhondo ya ku Gulf mu 1991 polondola magalimoto a asilikali a Iraq m'chipululu, ndipo idagwira ntchitoyi mpaka 2023. M'zaka zonsezo, galimoto yoyenda, n'kuima, n'kuyambanso kuyenda idakhalabe mutu waukulu wa kafukufuku, poti aliyense wodziwa kufooka kwa radar amatha kubisala pongoima.

Zomwe zimachitika mumpata

Mlenje wolondola nyama sataya mtima mapazi akafika pathanthwe. Amakumbukira komwe nyamayo imalowera, amayerekeza liwiro lake poona kutalikirana kwa mapazi, amadziwa komwe kuli madzi, ndipo amapita kukayang'ana tsidya la thanthwelo pamalo oyenera. Makompyuta olondola zinthu amachita zomwezo ndi masamu. Njira yodziwika kwambiri idalembedwa ndi Rudolf Kalman mu 1960, ndipo idathandiza paulendo wa zombo za Apollo wopita kumwezi. Njirayi imatenga malo omwe chinthu chidaoneka komaliza, liwiro lake ndi komwe chimalowera, n'kulosera pomwe chingakhale. Chikaonekanso, imayerekeza zomwe idalosera ndi zomwe yaona, n'kukonza.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kulosera kumeneku sikupereka malo amodzi. Kumapereka dera, ndipo deralo limakula nthawi ikamapita. Tiyerekeze boti la injini loyenda makilomita 10 pa ola, lomwe palibe akudziwa komwe lalowera. Pakatha ola limodzi lingakhale paliponse m'dera la masikweya kilomita pafupifupi 314. Pakatha maola atatu deralo limafika pafupifupi 2,800. Nthawi yangochuluka katatu, koma malo osaka achuluka kasanu ndi kanayi. Ichi n'chifukwa chake ola loyamba ndi lamtengo wapatali kuposa tsiku lonse lachiwiri.

Dera lotere limachepa pokhapokha pali zina zodziwika. Galimoto imatsata msewu, choncho makina odziwa mapu sayifunafuna m'munda. Boti lomwe injini yake yafa limatengedwa ndi mphepo, ndipo mwera, womwe umachokera kummwera chakummawa, umalikankhira chakumpoto. Msodzi amakhala ndi malo omwe adazolowera kuponya ukonde. Akuluakulu adati khotekhote ngwanjira, kwalinga mtima n'komweko: wodziwa komwe woyenda walinga safunika kumuona pakhota lililonse.

Mfundo ina yomwe akatswiri adazindikira ndi yakuti kusaoneka nakonso ndi uthenga. Ngati radar yasesa malo omwe ikadaona boti loyenda koma osaliona, ndiye kuti mwina botilo laima kapena latsitsa liwiro. Makina anzeru safufuta chinthu chotere pamndandanda. Amasunga maganizo angapo nthawi imodzi: mwina laima, mwina lakhota, mwina labisika. Lililonse amalipatsa mlingo wake, ndipo umboni watsopano ukabwera amasiya ofooka.

Chitsanzo chachikulu cha ntchito yotere ndi ndege ya MH370, yomwe idasowa pa 8 March 2014 ili ndi anthu 239 paulendo wochoka ku Kuala Lumpur kupita ku Beijing. Itachoka pa radar, idapitiriza kulumikizana ndi setilaiti ya kampani ya Inmarsat pafupifupi kamodzi pa ola. Kuchokera pa tizizindikiro tochepato, akatswiri adawerengera kuti idathera kummwera kwa nyanja ya mchere ya India. Zidutswa zomwe zidakokoloka n'kukapezeka pachilumba cha Réunion mu 2015, komanso m'magombe a Mozambique, zidagwirizana ndi mawerengedwewo. Komabe dera lomwe masamuwo adaloza lidali lalikulu kwambiri moti kusaka kwa zaka zotsatira kudabwerako chimanjamanja. Masamu amachepetsa mpata, koma sangapange umboni womwe sudasonkhanitsidwe.

Phunziro la njovu za m'nkhalango

Boma la Nkhotakota silifunika kupita kutali kuti lione ntchito yolondola zinthu zoyenda. Kumtunda kwa nyanja kuli nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Kale mudali njovu zoposa 1,500, koma kaamba ka kupha nyama mopanda chilolezo zidatsala zosakwana 100 pofika 2015, chaka chomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi Majete, umodzi mwa misamuko yaikulu ya njovu yomwe idachitikapo padziko lapansi.

Nkhalango imeneyi ndi yamapiri ndi zigwa, yodzala mitengo ya miombo, ndipo mtsinje wa Bua umaidula pakati popita kunyanja. Munthu ali m'ndege akhoza kudutsa pamwamba pa gulu la njovu osaliona. Radar yofuna zinthu zoyenda nayo singathandize kwenikweni, chifukwa njovu imayenda pang'onopang'ono, imaima nthawi yaitali pakudya, ndipo imakhala pansi pa masamba. N'chifukwa chake osamalira nyama amadalira malamba a m'khosi okhala ndi GPS, omwe amatumiza malo a nyamayo pakapitapita nthawi, komanso amatulutsa kachizindikiro ka wailesi komwe mlonda wapansi kapena woyendetsa ndege angakatsate.

Njira imeneyi nayo ili ndi mipata yake. Lamba satumiza uthenga mphindi iliyonse, poopa kutha batire. Njovu zovekedwa lamba ndi zochepa. Kawirikawiri amasankha imodzi m'gulu kuti iimire zinzake, pamodzi ndi zamphongo zina zoyenda zokha. Pakati pa uthenga wina ndi unzake, njovu ikhoza kufika pampanda. Chomwe chimatseka mipatayi ndi anthu: alonda odziwa madambo omwe njovu zimamwera, oyendera mpanda wamagetsi, ndi alimi a m'midzi yozungulira omwe amaimba foni akaona mapazi m'munda mwa chinangwa. Uthenga wa lamba umapereka poyambira, chidziwitso cha khalidwe la nyama chimapereka kolowera, ndipo lipoti la mlimi limakonza zomwe zidaloseredwa. Imeneyi ndi njira ya Kalman ikuyenda ndi miyendo.

Kulemera kwa nkhaniyi kumaoneka pomwe mipata yakula. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita kunkhalango ya Kasungu, ndipo kuchokera nthawiyo anthu a m'midzi ya m'malire a Malawi ndi Zambia akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi miyoyo yotayika. Kwa mlimi, kusiyana kwa chenjezo lofika madzulo ndi lofika m'mawa ndi kusiyana kwa nkhokwe yodzadza ndi yopanda kanthu.

Nyanja si nkhalango

Wina akhoza kuganiza kuti panyanja zinthu n'zosavuta, poti palibe mtengo kapena phiri lobisa boti. Zoona zake n'zakuti nyanja ili ndi zovuta zakezake. Nyanja ya Malawi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 29,600, kutanthauza kuti nkhalango ya Nkhotakota ingalowemo kopitirira kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo malo ena kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Ukali wake ndi wodziwika kuyambira kale: sitima ya Vipya idamira mu 1946 pafupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 adafera pomwepo.

Choyamba, radar imakonda chitsulo. Sitima ngati Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imaoneka bwino. Koma bwato losema ndi boti lamatabwa zimabweza mafunde ochepa, ndipo zimakhala m'munsi, pafupi ndi madzi. Chachiwiri, nthawi yomwe radar ikufunika kwambiri ndi yomwe imavutika kwambiri. Mwera ukakula, mafunde a panyanja amayenda ndi kubweza mafunde a radar, moti bwato longotengeka ndi mphepo silisiyana nawo. Chachitatu, usodzi wa usiku ndi wa kuyenda ndi kuima. Boti la chilimira limathamanga popita, n'kuima nthawi yaitali siginala akukopa usipa ndi nyale, kenako n'kusuntha. Pa radar yofuna zoyenda zokha, botilo limaoneka ndi kusowa usiku wonse.

Palinso vuto la kusokoneza. Maboti ambiri akasonkhana pamalo amodzi n'kubalalikanso, makina ayenera kusankha kuti kadontho kalikonse kotuluka ndi kati mwa tomwe tidalowa. Akalakwitsa, mbiri ya boti lina imamatidwa pa linzake. Pankhani yopulumutsa anthu, kulakwitsa kotere kumatumiza osaka kumalo olakwika. Pankhani yosungitsa malamulo, kukhoza kuchititsa kuti msodzi wosalakwa alandidwe zipangizo chifukwa cha mlandu wa mnzake. Kadontho ka pa radar kalibe dzina, kalibe nambala, ndipo sikanena mtundu wa ukonde womwe uli m'boti.

Masetilaiti a radar amapereka njira ina yosafuna kugula ndege. Masetilaiti a Sentinel-1 a maiko a ku Ulaya, omwe woyamba adaulutsidwa mu 2014, amajambula usana ndi usiku ngakhale kuli mitambo, ndipo zithunzi zake n'zaulere. Kafukufuku wotsogozedwa ndi bungwe la Global Fishing Watch, yemwe adasindikizidwa m'magazini ya Nature mu January 2024, adagwiritsa ntchito zithunzi zotere n'kupeza kuti pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse za sitima zikuluzikulu zausodzi m'nyanja zamchere sizioneka pa njira zolondolera zomwe anthu onse angathe kuziona. Koma setilaiti imodzi ya mtunduwu imabwerera panjira yomweyo patatha masiku 12, ndipo zinthu zochepera mamita 15 nthawi zambiri siziwoneka. Kwa woyang'anira usodzi wofuna kudziwa madera omwe maboti akuluakulu amakonda, zithunzizi zili ndi phindu. Kwa mayi wodikira mwamuna wake pagombe la Sani, mpata wa masiku angapo ndi chimodzimodzi kusaona konse.

Njovu sizimitsa lamba

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa njira ziwiri zolondolera. Radar siipempha chilolezo kwa chinthu chomwe ikuyang'ana. Lamba wa njovu, foni ya m'manja ndi kachipangizo ka GPS komangidwa paboti zimafuna kuti cholondoledwacho chilole kulankhula. Njira yachiwiriyi ndi yotsika mtengo kwambiri ndipo imanena dzina, koma ili ndi chilema chimodzi: njovu siingazimitse lamba wake, pomwe munthu akhoza kuzula waya.

Apa nkhani imachoka pa makina n'kufika pa kukhulupirirana. Lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula khomo lakuti anthu a m'madoko azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba, ndipo makomiti a m'madoko otchedwa BVC akhala akugwira ntchitoyi pamodzi ndi mafumu. Ku Nkhotakota, m'madera a mafumu monga Malengachanzi, Mwadzama ndi Kanyenda, makomiti otere ndiwo amadziwa mwini boti lililonse, alovi ake ndi mtundu wa zipangizo zake. Mabungwe monga Ripple Africa akhala akugwira nawo ntchito yoteteza malo oswerana nsomba. Chidziwitso chomwe chili m'mitu ya anthuwa n'chomwe kompyuta yolondola ingafune kuti ichepetse dera losaka.

Koma msodzi akaona kuti kachipangizo kolondolera ndi msampha womugwirira m'nyengo yoletsa usodzi yomwe imayamba mu November, sadzakayatsa, ndipo tsiku la ngozi kadzakhala kali chete. Akaona kuti maboti akuluakulu okoka makoka akulowa m'madzi osaya popanda chilango pomwe iye akulandidwa ukonde, adzatenga njira iliyonse yolondolera ngati chida cha olemera. Choncho dongosolo lililonse liyenera kunena poyera kuti uthenga wosonkhanitsidwa udzaonedwa ndi yani, udzagwira ntchito yanji, ndipo udzasungidwa nthawi yaitali bwanji. Kwa maboti akuluakulu a malonda, kuyatsa kachipangizoka kuyenera kukhala mbali ya chiphaso, ndipo kuzima kwake popanda chifukwa kuyenera kufunsidwa. Apanso kusaoneka ndi uthenga: boti lomwe limazima nthawi zonse likayandikira malo oletsedwa ladziulula lokha.

Radar ingakhale ndi malo ake pomwepa. Ntchito yake yabwino si kuona chilichonse, koma kuyerekeza. Ikaona madontho khumi pomwe zipangizo za GPS zikusonyeza maboti asanu ndi awiri, oyang'anira amadziwa kuti atatu otsalawo ndiwo ofunika kuwayendera. Popanda mndandanda wa maboti odziwika, madontho khumiwo ndi madontho chabe.

Zoyenera kutsogola

Dziko lomwe likuvutika kupeza ndalama zakunja, komanso lomwe mizere ya mafuta agalimoto idasanduka chizolowezi, liyenera kuganiza kawiri lisanalakelake ndege ya radar. Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Pamafunika mafuta a ola lililonse, zipangizo zosinthira, oyendetsa, owerenga zomwe makina akuonetsa, ndiponso boti lokhala ndi mafuta pagombe loti lithamangire komwe radar yaloza. Walira mvula walira matope. Malawi adaonetsa kale kuti ali ndi chidwi pa luso la mumlengalenga: mu 2017 adatsegula ku Kasungu malo oyeserako ma drone pantchito zachifundo mothandizana ndi UNICEF, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata. Anthu odziwa ntchito alipo. Koma drone nayo ili ndi malire a batire ndi mphepo, ndipo iyenera kuuzidwa koyambira kusaka.

Malo oyambirawo amachokera pa zinthu zotsika mtengo. Choyamba ndi buku la padoko, lolembamo boti lililonse lomwe lanyamuka, nthawi yake, anthu omwe akwera, nambala ya foni ya mmodzi wa iwo, ndi dera lomwe alinga. Buku lotere limapereka zinthu zitatu zomwe masamu onse olondolera amayambira: malo, nthawi ndi kolowera. Chachiwiri ndi mgwirizano wokhazikika pakati pa apolisi a panyanja, asilikali ndi makampani a mafoni, kuti boti likasowa, nsanja yomwe foni idalumikizana nayo komaliza idziwike m'mphindi zochepa, osati mawa lake. Chachitatu ndi kulemba malo omwe mabwato osowa adakapezeka m'mbuyomu, pamodzi ndi mphepo yomwe idaomba tsikulo. Asodzi achikulire amadziwa komwe mwera umataya zinthu, koma nzeru zimenezi zikakhala m'mutu mokha zimapita ndi eni ake.

Chachinayi ndi kupangitsa bwato kuoneka. Oyenda panyanja zamchere amamanga pamtengo tizitsulo topindidwa mwa ngodya tomwe timabweza mafunde a radar mwamphamvu, ndipo amisiri a malata a pa Nkhotakota Boma akhoza kutipanga atapatsidwa muyeso. Majekete oyandamitsa a mtundu wowala nawo amagwira ntchito ziwiri: amasunga munthu pamwamba pa madzi nthawi yaitali, komanso amathandiza wosaka kumuona. Chachisanu ndi machenjezo a mwera ochokera ku nthambi yoona zanyengo, omwe ayenera kufika padoko boti lisananyamuke, m'chilankhulo chomwe alovi amamva. Chachisanu ndi chimodzi ndi kulankhulana ndi a tsidya lina. Moyang'anizana ndi Nkhotakota kuli gombe la Metangula m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo bwato lotengeka ndi mphepo silidziwa malire. Nambala ya foni yoyankhidwa usiku mbali zonse ziwiri ingatseke mpata womwe ndege singatseke.

Ndipo pali phunziro lomwe batire la 2004 lidasiya. Chipangizo chomwe chidagulidwa koma osasamalidwa n'choopsa kuposa chomwe kulibe, chifukwa chimapatsa anthu chikhulupiriro chabodza. Dongosolo lililonse lolondolera liyenera kukhala ndi munthu wodziwika amene ntchito yake ndi kuyesa ngati likugwirabe, komanso ndalama zapachaka zosinthira zomwe zatha.

Palibe chomwe chikuletsa Malawi kudzakhala ndi diso la mumlengalenga panyanja yake m'tsogolo. Makina a radar akunka nachepa kukula ndi mtengo, ndipo ena tsopano amanyamulidwa ndi tindege ting'onoting'ono. Koma tsiku lomwe adzafike, adzaphethirabe boti likaima, adzasokonezekabe mwera ukakula, ndipo adzakaterabe mafuta akatha. Panthawi imeneyo wowerenga makinawo adzatembenukira pansi kufunsa kuti botilo ndi la yani, lidanyamuka nthawi yanji, ndipo lidalinga kuti. Mayankho a mafunso atatuwo ali m'manja mwa makomiti a m'madoko a Sani, Chia ndi Ngala, ndipo angayambe kulembedwa mwera wina usanaombe.